Funsani Amisiri: Kompyuta ya Bambo

FUNSO: Bambo anga anapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo pano amalemba za mpingo ndi mawerengero a tiyi amene amagulitsa. Ndili ndi bokosi lakale la kompyuta, motherboard ya LGA1155, purosesa ya i5-3470 ndi RAM ya 4GB. Ndigule ziti kuti ndiwalumikizire yawoyawo? Wowerenga, Luchenza

YANKHO: Purosesa yanuyo ndi ya 2012, koma pantchito yolemba ndi yokwana. Musataye ndalama pamenepo.

Ndalama ipite pa power supply, kabokosi kopereka magetsi m'kompyuta. Yakale ikamafa nthawi zina imapita ndi motherboard, choncho gulani yatsopano. Ya 400W yakwana. Musanapite ku Limbe kukagula, werengani mabowo a polumikizira magetsi pa motherboard. Ngati ndi 24, zili bwino. Ma HP ndi ma Dell ena a m'maofesi ali ndi polumikizira pawopawo, ndiye yogula siingalowe. Musaiwale kachingwe ka mapini 4 ka pafupi ndi purosesa. Ambiri amakaiwala, n'kumadabwa kuti sikirini yangoti bii.

Gulaninso SSD (chosungira mafayilo) ya SATA ya 240GB ndi batire ya CR2032 ya pa motherboard, chifukwa batireyo ikatha tsiku ndi nthawi zimasokonekera. RAM onjezani ina ya 4GB, koma ikhale DDR3. DDR4 ili ndi mpata pamalo ena, siilowa, ndipo mukakakamiza muthyola.

Polumikiza, yambani mwagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi atuluke. Mangani timiyendo tamkuwa pamene pali mabowo a motherboard pokha, chifukwa kamodzi kakasochera pansi kamachititsa shoti. Pukutani thermal paste (phala lothandiza kuziziritsa) youma pamwamba pa purosesa, n'kudontheza yatsopano yochepa ngati njere ya mpunga.

Chovuta ndi Windows. Windows 11 siivomereza purosesa imeneyi, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Ife tingawaikire Linux Mint m'malo mwa Windows, yomwe ndi yaulere ndipo imabwera ndi LibreOffice, pulogalamu yolembera ndi kuwerengetsera. Mukulitse zilembo, maso a akuluakulu mukuwadziwa.

Kwanuko chinyezi ndi chambiri, makamaka nthawi ya chiperoni, choncho bokosi lisakhale pansi pa simenti koma patebulo. UPS (bokosi la batire losunga magetsi) ya 650VA idzapatsa bambo mphindi zingapo zosungira ntchito magetsi akathima. Mphenzi yokha siiopa UPS. Kukayamba kugunda, azizula pulagi kukhoma.