Mwafika ku Glasgow, tsopano tulukani m'chipindamo

Ndalandira kalata yochokera kwa mphunzitsi wina wa ku Chitakale, ku Mulanje, amene wapita kukachita digiri ya masters ku University of Glasgow. Akuti patha masabata atatu chifikireni, koma njira yomwe akuidziwa ndi imodzi yokha, yochoka kumene amagona kukafika kukalasi. Chingerezi cha eni dziko sakuchimva bwino, akuopa kusochera, ndipo madzulo alionse amangokhalira pa foni ndi mayi ake, onse awiri misozi ili m'maso. Funso lake ndi lakuti kodi kupukwa kotereku kumatha?

Achemwali, kumatha ndithu, koma sikutherapo muli chikhalire m'chipinda. Ndipo pali chifukwa chimene ndikukufulumizitsirani. Lamulungu lomaliza la Okutobala, ku Britain amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndiye mdima umayamba kugwa msanga. Pofika Disembala, dzuwa ku Glasgow limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Munthu amene sanaudziwe mzinda kukadawala amavutika kuyamba kuuphunzira mumdima ndi m'chisanu. Masabata amene atsalawa ndi anu, muwayende.

Yambani ndi zimene sizingadikire. Kalembetseni kwa dokotala wa m'dera lanu, amene kumeneko amamutchula GP. Ndalama ya chithandizo cha kuchipatala inalipidwa kale pamodzi ndi visa yanu, choncho musadikire kuti mudwale. Tsegulani akaunti ku banki, ndipo tengani kalata ya ku yunivesite yotsimikiza kuti ndinu wophunzira, chifukwa ndi imene imakuchotsani pa msonkho wa nyumba wotchedwa council tax.

Kenako jekete. Inu a ku Mulanje mumachidziwa chiperoni, mvula yamvumbi ija yobwera ndi nkhungu m'mwezi wa Juni, phiri lonse n'kubisika, anthu othyola tiyi atafunda mapulasitiki. Nyengo ya ku Glasgow ndi yoteroyo, kungoti imakhalitsa ndipo imabwera ndi mphepo yothyola maambulera. Gulani jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake, ndi nsapato zotseka. Sikofunika kuti zikhale zatsopano. M'mashopu a mabungwe achifundo mumagulitsidwa zovala za kaunjika zabwino, ndipo ngakhale azungu amagula momwemo popanda manyazi.

Tsopano za kusochera. Glasgow ili ndi sitima yapansi panthaka, Subway, yomwe inayamba mu 1896. Ili ndi masiteshoni 15 okha ndipo imangozungulira njira imodzi, ina kulowera uku, ina uko. Mukapitirira siteshoni yanu, khalani momwemo, pasanathe theka la ola ikubwezani pomwe munakwerera. Loweruka likubwerali kakwereni pa Hillhead, pafupi ndi yunivesite, muzungulire kamodzi mukuwerenga maina a masiteshoni. Ulendo wachiwiri mutsike pa Buchanan Street, pakati pa tauni, muyende wapansi mpaka mukaone mtsinje wa Clyde. Foni ikhale m'thumba, muziitulutsa pokhapokha mwasokonezekadi. Kwanu simufuna mapu kuchoka pa Chitakale kupita ku Boma chifukwa phiri limakuuzani komwe muli. Kumenekonso sankhani chizindikiro chanu: nsanja yaitali ya yunivesite ija ili pachitunda, imaoneka kuchokera kutali.

Masiku amene thumba laphwa, pitani ku Kelvingrove, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zojambula yomwe ili kungotsika kuchokera ku yunivesite. Kulowa ndi kwaulere. Ku Botanic Gardens, kumapeto kwa Byres Road, nakonso salipiritsa, ndipo kuli nyumba zagalasi zofunda zodzaza ndi zomera za kumaiko otentha. Tsiku limene chisanu chakufikani m'mafupa, kakhaleni mmenemo kwa ola limodzi.

Pali ulendo umodzi umene ndikufuna musauphonye. Pa Glasgow Central pali sitima yopita ku Blantyre, ulendo wosafika theka la ola. Inde, Blantyre. Ndi kamudzi komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo nyumba yomwe banja lake linkakhala m'chipinda chimodzi ikadalipo, anthu amakaiona. Anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, pambuyo pake n'kukaphunzira zaudokotala ku Glasgow komweko. Blantyre wathu anapatsidwa dzinali ndi amishoni a Church of Scotland mu 1876. Ubale umenewu sunathe. Kuli bungwe la Scotland Malawi Partnership lomwe limalumikiza masukulu, mipingo ndi magulu a maiko awiriwa, kotero musadabwe mukanena kuti ndinu a ku Malawi wina n'kukuuzani kuti mpingo wake uli pa ubale ndi mpingo wa kwathu. Kudzera m'bungweli komanso kutchalitchi mudzapeza Amalawi anzanu, ndipo iwo ndi amene adzakulozereni shopu ya zakudya za ku Africa komwe kuli ufa woyera.

Chingerezi chawocho chisakuchititseni kudzikayikira. Kalankhulidwe ka ku Glasgow kamavuta ngakhale anthu a ku London. Akati "aye" ndiye kuti inde, "wee" ndi chaching'ono. Pemphani kuti abwereze, mwaulemu, kawiri ngakhale katatu. Khutu limazolowera mukamacheza ndi anthu a pa basi ndi m'shopu, choncho muwapatse moni ndinu. M'kalasi namo yankhulani. Aphunzitsi akumeneko amayembekezera kuti wophunzira atsutse ndi kufunsa, ndipo ambiri amafuna kuitanidwa ndi dzina lawo loyamba, chinthu chimene kwa ife chimamveka ngati mwano.

Mukafuna ganyu, yambani mwaona zimene visa yanu ikulola. Kawirikawiri a masters amaloledwa maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo kupyola pamenepo kungakuchotsetseni m'dzikomo. Funsaninso amene akukulipirirani sukulu, ena ali ndi malamulo awoawo.

Mawu otsalawa ndi a mayi anu, muwawerengere. Mayi, mwana wanu ali bwino, akungophunzira dziko lachilendo. Gwirizanani masiku awiri pa sabata oyimbirana, ndipo dziwani kuti kuyambira kumapeto kwa Okutobala nthawi ya kwathu idzakhala patsogolo ndi maola awiri, osati limodzi. Akayimba, mufunseni komwe wapita sabata imeneyo ndi amene wadya naye. Za ndalama za feteleza mudikire kaye, miyezi yoyambayi lendi ndi zovala zachisanu zimamutengera pafupifupi zonse. Wina akamapita kumeneko, mupatsireni paketi ya tiyi wa Chombe ndi botolo la Nali, azikagawana ndi anzake a m'khitchini momwe amaphikira.