Anandilanda foni chifukwa cha nkhope ya pakhoma

Achemwali amene mwafunsa ngati muyambe mwapempha kaye musanatole chithunzi cha graffiti, zojambula zija anthu amapenta pamakoma mumsewu, ine nditangowerenga mtima wayamba kuthamanga. Enanu mwayankha kale kuti khoma la kumsewu ndi la aliyense, ingotolani. Chabwino, koma simunakhazikidwepo pansi ngati mbava inu.

Panali khoma lalitali kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu, mbali imene anthu amangodutsa chothamanga osacheuka. Wina anapentapo nkhope ya mayi atatsinzina, yonse ya buluu, yaitali kuposa anthu awiri atasanjikizana. Mng'alu umene unali kale pakhomapo sanaumate, anausiya dala kuti utsike kuchokera m'diso ngati msozi. Ndinaitsatira miyezi yambiri nkhope imeneyo. Wina anasayina tag yake, kadzina kamene openta makoma amadziwika nako, pachibwano, wina anabwera n'kuifufuta mosamala osakhudza milomo, kenako buluu uja anayamba kusuluka ndi dzuwa. Kusintha kulikonse ndinali nako m'foni.

Tsiku latsokalo ndinalawira mamawa, chifukwa dzuwa likakwera penti wopopera amanyezimira ndipo chithunzi chimangotuluka mbuu. Pageti panali mlonda. Ndinapita kukamupatsa moni, ndinamuuza bwinobwino kuti bambo, ndikufuna kutola chithunzi cha mayi ali pakhomayu basi. Apo ndi pomwe ndinadziputira. Akuti dikira kaye. Anaimba wezulo, kunatulukira anzake awiri. "Iwe wakutuma ndani?" Ndisanayankhe wina wandigwira pamkono, wina watsomphola foni. Anandikhazika pafumbi pomwepo, anthu opita kuntchito akuima n'kumandiyang'ana, mayi wina mpaka anakokera mwana wake kumbali. Akuti mbava zimayamba zatuma munthu kudzatola zithunzi za mipanda, mageti ndi makamera. Ine ndi mantha ndinati tsegulani muone, mulibe geti ngakhale limodzi, ndi zojambula zokhazokha. Atatsegula n'kuona makoma mazanamazana, ndiye zinangoipiraipira. "Makoma onsewa? Ndiye kuti unayamba kalekale ntchito imeneyi."

Chala cha amene anagwira foniyo ndimachikumbukira mpaka lero. Anasankha zonse, osati za khoma lawo lokha ayi, zonse za zaka ziwiri, za pansi pa milatho, za m'tinjira tapakati pa nyumba, tizilembo tating'ono tapazitseko zamashopu otsekedwa timene ndinkachita kugwada kuti ndititole. Ndinamuchonderera kuti fufutani zanuzo, zinazo siyani. Sanandiyang'ane n'komwe. Mumtima ndinkadzilimbitsa kuti iPhone imasunga zofufutidwa masiku 30, ndikazibweza ndikafika kunyumba. Koma mmodzi wa iwo ankadziwa zimenezo. Anandilozetsa foni kumaso kuti malo osungira zofufutidwa aja atseguke, n'kufufutanso kachiwiri ine ndikuona. Misozi inangotsika yokha pamaso pa anthu onse aja.

Amene amandipweteka kwambiri si alondawo ayi. Ndi bwana wawo. Anatuluka, wovala bwino, makiyi m'manja, anamva nkhani yonse, anaona kuti palibe chimene ndalakwa, ndipo anangoti "mumalize msanga azipita". Munthu woti ndi mawu amodzi akanaletsa zonsezo! Ndinali nditaima mumsewu, sindinalowe mumpanda mwawo, sindinakhudze chilichonse chawo. Patatha masabata atatu ndinadutsanso, khoma lonse alipaka penti wotuwa. Mayi uja kulibe. Wojambulayo sindikumudziwa, mwina nayenso alibe chithunzi chabwino cha ntchito yake, ndipo ine amene ndinali nacho ndinalola kuti chipite.

Anthu samvetsa kuti zinthuzi sizikhalitsa. Ku New York sitima zapansi panthaka zinali zodzaza ndi zojambula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, koma pofika 1989 akuluakulu anali atazichotsa zonse. Zambiri zimene dziko likuzidziwa lero ndi zimene anthu ngati Martha Cooper ndi Henry Chalfant anazitola ndi makamera awo. Mumzinda womwewo, nyumba ya 5 Pointz ku Queens, imene inali yodzaza ndi zojambula, anaipaka penti woyera usiku umodzi wokha mu Novembala 2013. Mu 2018 khoti linalamula kuti ojambula 21 alipidwe madola 6.75 miliyoni, koma ndalama sizinabweze khoma. Ku São Paulo, ku Brazil, nako mu 2017 zojambula zazitali za mumsewu wa 23 de Maio anazikwirira ndi penti wotuwa, wangati yemwe anakwirira mayi wanga uja. Ndiye wina akamafufuta chithunzi m'foni mwako mwachibwana chonchija, sadziwa kuti mwina ndi umboni womaliza.

Tsono achemwali, choyamba tsegulani zoti zithunzi zizikwera zokha pa intaneti, monga pa Google Photos, musanachoke n'komwe panyumba, ndipo zimene mumazikonda muzisunge pena pake pakompyuta. Ine ndinazimitsa zimenezo posunga data, ndi zimene zinandipha. Mukaona chojambula tolani nthawi yomweyo, musati ndibwera mawa kuwala kukakhala bwino. Yambani ndi khoma lonse mutaima tsidya la msewu, kenako sendererani pa tinthu tating'ono, pomaliza siginecha ya mwini wake, kuti mukaika pano timudziwe. Lembani tsiku ndi malo. Mukapeza wina ali mkati mopenta, nkhope yake musaitole, m'mizinda yambiri zimenezo ndi mlandu ndipo mukhoza kumumangitsa. Malamulo otola zithunzi amasiyananso dziko ndi dziko, ndipo pafupi ndi nyumba za boma, za asilikali kapena mabanki musayerekeze.

Za kupempha zija, ndinenabe kuti mukaona mlonda mupatseni moni ndipo mufotokozereni. Ndikudziwa kuti ine ndi moni womwewo umene unandigwetsa m'mavuto, koma akakupezani mukutola mobisala ndiye zimaposa pamenepo. Ndipo akalusa musalimbane nawo, apatseni foniyo, moyo ndi wanu, ngakhale kuti ine usiku wina ndimagona ndikudziimba mlandu kuti bwanji sindinakakamire kuti tipite kupolisi foni isanatsegulidwe.

Ngati pagulu pano alipo amene anatolapo mayi wa buluu wotsinzina, wa mng'alu wotsika m'diso lakumanzere, chonde nditumizireni ku inbox. Ngakhale chikhale chosaoneka bwino ndichilandira.