Ndiima ku Dubai masiku awiri, kodi pafunika viza?

Zikomo Amalume,
Ndimachita bizinesi ya zovala kuno ku Mchinji. Mwezi wamawa ndikupita ku Guangzhou, ku China, kukaoda katundu, ndikakwerera ndege ya Emirates ku Lusaka. Ndikufuna ndikatsike ku Dubai masiku awiri, ndikaone misika. Anzanga akuti pasipoti yokha ikwanira. Ndi zoona?
Ine mayi wa ku Mchinji

Mayi,
Anzanuwo akunena za munthu amene akungosintha ndege osatuluka m'bwalo. Inu mukufuna kulowa mumzinda, ndiye ndi pasipoti ya Malawi viza ikufunika, ndipo muipeze musananyamuke.

Dziko la United Arab Emirates (UAE), komwe kuli Dubai, lili ndi viza za odutsa ziwiri: ya maola 48 ndi ya maola 96. Zonse amafunsira kudzera ku kampani ya ndege ya komweko, kwa inuyo ndi Emirates. Mukagula tikiti, lowani pa intaneti pamene pali ulendo wanuwo, mutumize chithunzi cha pasipoti ndi chanu. Pasipotiyo ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kupitirira.

Langizo langa, tengani ya maola 96. Masiku awiri ndi maola 48 ndendende, ndege ikangosinthidwa nthawi mwapyola kale malire. Viza zimenezi satalikitsa, ndipo wopyola amalipira chindapusa tsiku ndi tsiku. Zimandiwawa kuona ndalama ya mpamba ikuthera pa chindapusa.

Funsirani kudakali milungu iwiri, ndipo hotela mulipire yankho litabwera. Adobadoba olonjeza viza pa WhatsApp musawapatse pasipoti yanu.
Amalume