Kwa achemwali ofunsa za ndalama za kulemba nkhani pa intaneti

Achemwali, funso lomwe munaponya m'gulu lino ndaliwerenga kawiri. Mwati munamaliza sukulu chaka chatha, ntchito sikuoneka, mumakonda kulemba, ndipo pali munthu wakulonjezani kuti mukamutumizira ndalama pafoni akutsegulirani akaunti yolembera nkhani yomwe izikupatsani madola sabata iliyonse. Ndiyambe ndi za munthuyo: musamutumizire ngakhale tambala. Kutsegula akaunti pa Upwork kapena pa Fiverr, masamba a pa intaneti omwe ndi misika ya maganyu, n'kwaulere, mumatsegula nokha, m'dzina lanu, ndi chiphaso chanu. Akaunti yochita kugula imakhala ya munthu wina, ndipo tsiku lomwe eni tsambalo adzafune kuona nkhope yofanana ndi ya pachiphaso, adzaitseka, thukuta lanu n'kutsekeredwa momwemo.

Tsono ngati mukufunsa kuti kodi munthu angadye ndi kulemba, yankho langa ndi inde. Ine lendi ndimalipira ndi ntchito imeneyi. Koma intaneti payokha silipira munthu. Amene amalipira ndi munthu mnzanu amene ali ndi vuto loti mawu anu alithetse, ndipo ntchito yaikulu ndi kumupeza munthuyo.

Ambiri amayamba ndi kutsegula tsamba lawolawo, poganiza kuti Google iziikapo zotsatsa malonda kudzera mu AdSense, ndalama n'kumalowa iwo ali m'tulo. Dziwani izi musanataye miyezi. Chichewa sichili pamndandanda wa zilankhulo zomwe AdSense imalandira, choncho tsamba la Chichewa chokhachokha silingadyere kumeneko. Mukalemba m'Chingelezi n'kuvomerezedwa, sakutumizirani kanthu mpaka ndalama zitakwana madola 100, ndipo musanafike pamenepo amakutumizirani kalata ya nambala yachinsinsi kudzera ku positi, ndiye mukhale ndi bokosi lodalirika, kaya la kutchalitchi kaya la kuntchito kwa m'bale wanu. Chinanso, otsatsa malonda amalipira zochepa kwambiri pa owerenga a kuno poyerekeza ndi a ku America kapena ku Britain. Tsamba lanu mutsegule ndithu, koma likhale ngati khonde loonetserapo ntchito yanu kwa ofuna kukulembani ganyu.

Pa misika ya maganyu ija palinso masamu ake. Fiverr imatenga magawo 20 pa 100 aliwonse, ndiye ntchito ya madola 50 inu mumatsala ndi 40, ndipo kwa woyamba kumene ndalamazo zimadikira masiku 14 musanazitape. Pa Upwork, kufunsira ntchito kumadya timaponti totchedwa Connects, kamodzi masenti 15 a dola, ndipo ntchito imodzi imafuna tingapo. Mutha kufunsira ntchito makumi awiri osayankhidwa ngakhale imodzi, chifukwa mukupikisana ndi alembi a ku Kenya, Nigeria, India ndi Philippines omwe ali kale ndi nyenyezi zambiri pa mayina awo, zija makasitomala amapereka akakhutira ndi ntchito. Masamba onse awiriwa amalipira kudzera pa Payoneer, kampani ya pa intaneti yomwe imalandira ndalama zanu n'kuzitumiza kubanki yanu. Konzani njira imeneyo musanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Pitani kubanki yanu mukafunse kuti ndalama zochokera kunja amazilandira bwanji ndipo amadulapo zingati, chifukwa paliponse pamene ndalama yapondapo pamatsala kachidutswa. Ubwino wa madola tonse tinauona mu November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti: wolandira madola sanamve kuwawa ngati wolandira makwacha.

Koma pali chinthu chomwe ofuna kukugulitsani maphunziro a kulemba sakuuzani. Kuchokera pamene ChatGPT, makina a pa intaneti olemba okha nkhani ukawafunsa, inatuluka mu November 2022, maganyu a nkhani zachisawawa, zija za njira khumi zochepetsera thupi kapena malo asanu okongola padziko, anachepa ndipo mitengo yake inatsika. Kasitomala amangofunsa makina n'kulandira nkhani m'kamphindi. Mukalowa pamenepo mukulimbirana nyenyeswa ndi chinthu chosatopa komanso chosagula ufa.

Chomwe chatsala, ndipo ndi chomwe ndikufuna mugwiritsitse, ndi zimene inu mukudziwa chifukwa chokhala kuno. Makina sangakwere minibasi kupita ku Lizulu kukafunsa mayi wogulitsa kachewere kuti ndowa yafika pa zingati ndipo wagula feteleza pa mtengo wanji. Sangakhale pansi ndi msodzi wa ku Nkhotakota n'kumva chifukwa chake usipa wavuta mwezi uno. Akonzi a nyuzipepala ndi magazini akunja olemba za ulimi, zanyengo ndi zaumoyo amafuna nkhani zotere, zokhala ndi anthu enieni ndi mawu awo. Simulemba nkhani yonse kaye ayi. Mumatumiza kakalata ka ndime ziwiri kofotokoza kuti nkhani ndi yotani, mukalankhula ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani ikufunika pano. Ambiri sayankha. Mmodzi akayankha n'kukondwa ndi ntchito yanu, amabweranso.

Ndiye pali Chichewa chenichenicho, chomwe ambiri amachiona ngati chopanda msika. Ine ndalama zanga zodalirika zimachokera ku kumasulira: mafunso a kafukufuku, timabuku ta zaumoyo, mauthenga a pawailesi a mabungwe omwe si aboma. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, komabe ntchito yake imafuna munthu. Tsiku lina ananditumizira mafunso omasuliridwa ndi makina kuti ndingowongola. Liwu lachingelezi lotanthauza anthu a pakhomo limodzi linali litamasuliridwa kuti "nyumba", moti funso linkamveka ngati akufunsa kuti nyumba yanu inadya kangati dzulo. Ndinalemba kuti "anthu amene mumadyera mphika umodzi", n'kufotokozera mwini ntchitoyo kuti kumudzi pakhomo limodzi pamatha kukhala nyumba zitatu, ya makolo, gowelo la anyamata ndi ya agogo, koma mphika ndi umodzi. Kufotokoza kwa mizere iwiri kumeneko ndi komwe kunapangitsa kuti azinditumizira ntchito mpaka lero. Ngati kalembedwe kanu ka Chichewa ndi kolongosoka, mukudziwa poika w ndi ŵ, posiyanitsa "n'kupita" ndi "mkupita", muli ndi katundu wosowa.

Musaiwalenso makasitomala a pafupi. Wanga woyamba sanali wa ku London. Anali bambo wina wa malo ogona alendo kunyanja amene tsamba lake la Facebook linali ndi zithunzi zokongola koma mawu ake osokonekera. Ndinamulembera ndime zitatu, anandilipira pa Airtel Money tsiku lomwelo, kenako anauza mnzake. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Zopweteka zilipo ndipo ndisakubisireni. Munthu wina anandiuza kuti ndilembe nkhani zisanu zoyeserera kuti aone luso langa. Ndinalemba pafoni usiku magetsi atazima, foni nditakatchajitsa ku babashopu masana, zala zikuchita dzanzi, ndikuthamangitsana ndi bandulo yotha pakati pa usiku. Nditatumiza anangoti zii. Patapita milungu ndinazipeza nkhani zonse zisanu pa tsamba lake, dzina la munthu wina lili pamwamba. Kuyambira pamenepo, wofuna kuona luso langa ndimamuonetsa zomwe ndinalemba kale, ndipo kasitomala watsopano wobwera mwachindunji amayamba wapereka theka la ndalama. Mtengo, kuchuluka kwa mawu, tsiku lopereka ndi kuti mudzakonza kangati, zonsezi zilembedwe pa uthenga, osati kungolankhulana pafoni.

Adzabweranso okunyengererani kuti muzilembera ophunzira a m'mayunivesite akunja ntchito zawo za m'kalasi. Ndalama zake zimaoneka zokoma, koma ine ndimakana. Ku England malonda amenewa anakhala mlandu mu 2022, ndipo ngakhale mutalemba bwino chotani, simungaonetse ntchitoyo kwa aliyense kuti ndi yanu. Zaka zimapita mulibe dzina.

Kunena zoona, miyezi yoyambirira musayembekezere kuti kulemba kukudyetsani. Ngati muli ndi kabizinesi kena kapena ganyu yophunzitsa ana, musasiye. Lembani popanda intaneti, muziyatsa data potumiza pokha. Ndipo kumbukirani kuti kasitomala wa ku New York akamadzuka kuno kumakhala kuli masana ndithu, ndiye mauthenga ake ambiri azikufikani madzulo ndi usiku.

Sabata ino chitani ichi. Sankhani nkhani imodzi yomwe mukuidziwa kuposa ife tonse m'gulu muno, kaya ndi ulimi wa tomato kwanuko, kaya mavuto a atsikana ochita lendi pafupi ndi sukulu. Lankhulani ndi anthu awiri okhudzidwa, mulembe mawu 600 m'Chingelezi, kenako muilembenso mwatsopano m'Chichewa osayang'ana yoyambayo. Mukamaliza muiponye pano, ine ndidzaiwerenga Loweruka madzulo ndipo ndidzakuuzani pofunika kukonza.