Tifunseni: Kodi wolamulira mwankhanza angakhale ndi mtima wofunira dziko zabwino?

Funso: Akonzi, kuno ku Mbare tikakumana pa bungwe lathu lothandizana pa maliro, nkhani ya Kamuzu sichedwa kubuka. Akuluakulu amati nthawi yake kumudzi kunali chimanga, misewu ndi ulemu, ndipo matipate ndiwo adabweretsa umbava. Achinyamata amati anali wankhanza basi. Kodi mtsogoleri wosafuna kutsutsidwa angakhale ndi cholinga chabwino? Ngati angakhale nacho, chimalakwika n'chiyani? *Bambo wa ku Mbare*

Yankho: Angakhale nacho, bambo, ndipo akuluakuluwo sakunama. Dr Banda adatsekeredwa m'ndende kuno ku Gweru mu 1959 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Koma ulamuliro wa munthu mmodzi uli ndi kawonongekedwe kake, ndipo kamayenda mofanana kaya mwiniyo ndi wamtima wabwino kapena woipa.

Oyamba kuchoka amakhala anthu otha kunena kuti ayi. Mu 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zidadandaula za tiki (mapeni atatu) yolipira kuchipatala komanso ubale ndi Apwitikizi. Mu September a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Augustine Bwanausi adachotsedwa, ndipo a Masauko Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma otsalawo adaona kuti kutsina khutu la Ngwazi kumathera kundende kapena kuthawa dziko. Mu 1966 chipani chidatsala chimodzi, mu 1971 Kamuzu adakhala Pulezidenti wamuyaya. Padalinso malamulo otsekera munthu ku Mikuyu popanda kumuzenga mlandu, olanda katundu ndi oletsa mabuku. Lililonse linkabwera m'dzina la bata ndi mtendere.

Zikafika apa, uthenga wopita kumwamba umayamba kuvunda, ndipo pamenepa m'pamene cholinga chabwino chimapha anthu. Wogwira ntchito m'boma akadziwa kuti mbiri yoipa imachotsetsa ntchito, amalemba zokoma zokhazokha. Ku China pakati pa 1958 ndi 1962 boma linkafuna kutukula dziko mwachangu. Akuluakulu a m'maboma ankakweza manambala a zokolola kuti asangalatse owalamulira. Boma linkatenga gawo lake potsatira manambala abodzawo, m'midzi osatsala kanthu. Nduna ya zachitetezo, Peng Dehuai, itachenjeza mtsogoleri wa dzikolo, Mao Zedong, mu 1959, idachotsedwa. Ngakhale owerengera mochepetsa amati njalayo idapha anthu oposa 15 miliyoni. Katswiri wa zachuma Amartya Sen adaonetsa kuti njala yaikulu chotere sichitika m'dziko lomwe lili ndi zisankho zenizeni ndi nyuzipepala zomasuka, chifukwa mfuu imamveka msanga.

Inu a ku Harare muli ndi chitsanzo chapafupi. Mu June 2007 boma lidalamula masitolo kudula mitengo pakati, cholinga chikunenedwa kuti ndi kuteteza osauka. Wasitolo amene wagula shuga pa mtengo wokwera n'kuuzidwa kuti agulitse moluza amamaliza zomwe ali nazo, osakaodanso. M'masabata ochepa mashelefu adauma, buledi ndi mafuta ophikira zidasamukira kumsika wamseri pa mtengo woposa wakale, ndipo amalonda ambiri adamangidwa.

Za chimanga cha nthawi ya Kamuzu, tikumbukenso mbali ina. ADMARC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971, inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu lina n'kumapita kukatukula maesiteti ndi makampani a Press, omwe anali a Kamuzu. Fodya wa bale, wa ndalama zambiri, ankalimidwa ndi maesiteti okha mpaka cha m'ma 1990. Mlimi wa kumudzi analibe kokadandaula. Ndipo mu May 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, komanso phungu a David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Ifeyo sitingathe kuika msewu ndi imfa zimenezi pa sikelo imodzi. Pa riferendamu ya 14 June 1993, anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse adasankha matipate, ambiri a iwo alimi omwe ankadya chimangacho.

Funso: Nanga Singapore? Mwana wanga amati idalemera chifukwa cha dzanja lolimba la munthu mmodzi. *Mayi wa ku Highfield*

Yankho: Mwana wanu akunena zoona pang'ono, mayi. Lee Kuan Yew adalamulira kuyambira 1959 mpaka 1990, ankapanikiza otsutsa, ndipo dziko lidalemeradi. Koma muwerengenso enawo: Mobutu ku Zaire kuyambira 1965 mpaka 1997, Idi Amin ku Uganda kuyambira 1971 mpaka 1979. Onsewa adalowa ndi malonjezo okonza dziko. Tsiku lomupatsa munthu mphamvu zonse simungadziwe kuti mwapeza uti, ndipo mukadzadziwa mumakhala mulibenso njira yomuchotsera. Pafupi nafe pano, Botswana yakhala ndi zipani zambiri kuyambira 1966 ndipo chuma chake chidakula kwambiri. Mu 2024 chipani cholamula chidagonja n'kupereka mpando mwamtendere.

Mtima wa mtsogoleri simungauone, choncho muuzeni mnyamatayo ayang'ane zooneka. Kodi nyuzipepala ikatulutsa za katangale, amamangidwa ndani, wakubayo kapena mtolankhani? Kodi Nyumba ya Malamulo idakanapo bajeti kapena lamulo lochokera kwa Pulezidenti? Kodi tsiku lochoka pampando lidalembedwa, ndipo likusungidwa? Chachikulu ndi khothi: likagamula motsutsana ndi boma, boma limamvera? Ku Malawi pa 3 February 2020 khothi lidafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, anthu adavotanso pa 23 June, ndipo amene anali pampando adachoka.