Katundu wodzera pa Beira amachedwera pa madzi, matope ndi sikana

Achemwali, mwafunsa kuti kuitanitsa katundu kudzera pa doko la Beira kumayenda bwanji, komanso ngati zimene mwamva, zoti akatswiri a mayiko osiyanasiyana amafufuza za nyengo ndi chitetezo kumeneko, zili ndi phindu kwa ife ogulitsa matailosi ndi nsapato mu Limbe. Phindu lilipo, ngakhale simudzaliona litalembedwa pa lisiti.

Ambirife sitidzaza kontena patokha. Mumagula ku Guangzhou, ku China, n'kupereka makatoni kwa ejenti wotumiza katundu, iye n'kukulipiritsani potengera malo amene atenga mu kontena, amene timati ma CBM. Sitima ikakocheza, ejenti wa ku Beira amalowetsa mapepala mu kompyuta ya kasitomu ya Mozambique, Janela Única, kusonyeza kuti katunduyo ndi wongodutsa. Thiraki imagwira msewu wa EN6 kudzera ku Dondo, Nhamatanda, Inchope ndi Chimoio, kenako n'kukhotera kumpoto pa EN7 mpaka ku Tete, kuwoloka Zambezi, kufika pa Zobue ndi Mwanza, pomwe a MRA amadikira msonkho wawo. Chimene chimagwetsa anthu atsopano si msonkho. Ndi masiku. Kampani ya sitima imapereka masiku owerengeka aulere, ndipo akatha kontena isanabwezedwe, tsiku lililonse ndi madola a demurrage. Funsani za masiku amenewa musanalipire kalikonse, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Tsono masikuwo amatayikira pati? Beira ili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo mtsinjewu umatsitsa matope chaka chonse. Ngalande yolowera sitima, ya Macuti, imayenera kukumbidwa mosalekeza, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira kunja mpaka mafunde akweze madzi. Munthu woyeza kuya kwa ngalandeyo simudzakumana naye, koma ntchito yake ndi imene imanena kuti sitima yanu ilowa Lachiwiri kapena Loweruka.

Nkhani ya namondwe ndiye yaikulu. Idai anagwera pa Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019. Doko lenilenilo, lomwe kampani ya Cornelder de Moçambique yakhala ikuliyendetsa mogwirizana ndi CFM, kampani ya boma la Mozambique yoona za madoko ndi njanji, kuyambira 1998, linasasuka madenga a nyumba zosungiramo katundu koma linayambiranso ntchito m'masiku ochepa. Chimene chinatisautsa ndi msewu. Madzi anadula EN6 chakufupi ndi Nhamatanda, mathiraki anaima mbali zonse ziwiri, katundu ali padoko, ife tili kuno kuwerenga masiku. Ndiye mukamamva kuti doko ndi lolimba, muzifunsanso za milatho ndi makalavati a mumsewu, chifukwa kontena siuluka.

Apa ndi pamene ofufuza aja akulowera. Idai asanabwere, khonsolo ya Beira, nthawi ya malemu meya Daviz Simango, inali itakonza kale pulani ya mzindawu yofika 2035 mothandizana ndi boma la Netherlands ndi akatswiri a zamadzi a bungwe la kumeneko la Deltares. Anthu amenewo mbali ina ya dziko lawo ili pansi kuposa nyanja, choncho amadziwa chimene akunena. Anaunika kumene madzi a mvula amadikha, mmene nyanja ikudyera gombe, ndi malo amene doko ndi mafakitale angakulire osamira. Banki Yaikulu Padziko Lonse inaika ndalama pa ngalande zazikulu za mumzinda, ndipo a ku Germany kudzera mu banki yawo ya chitukuko ya KfW anathandiza kutsegulanso kamtsinje ka Chiveve, kamene kamathira m'nyanja pafupi ndi doko la asodzi. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi yaphindu kuposa misonkhano yambiri ya zamalonda imene timaitanidwako, chifukwa oyendetsa makireni ndi makalaliki a kasitomu amagona mumzinda womwewo. Nyumba zawo zikamira, geti la doko silitseguka bwino. Namondwe wina, Eloise, anabweranso mu Januwale 2021 kudzakumbutsa kuti Idai sanali womaliza.

Za chitetezo zili pawiri. Padoko pali malamulo a ISPS, amene anayamba kugwira ntchito padziko lonse mu 2004 pambuyo pa chiwembu cha ku America cha mu 2001: mipanda, ziphaso zolowera, kulondoloza aliyense wofika pa sitima. Palinso sikana younika m'kati mwa makontena, ya kampani ya Kudumba, imene mtengo wake mudzaupeza pa bilu ya ejenti. Anzathu ambiri amadandaula nayo, ndipo nanenso sindiikonda. Koma choopsa kwenikweni kwa inu ndi mnzanu wa mu kontena yomweyo. Mmodzi akanama pa mapepala, kulemba nsapato pomwe wabisa mafoni kapena mankhwala, kontena yonse imagwidwa, ndipo makatoni anu osalakwa amakhala momwemo mpaka nkhani ithe. Sankhani ejenti amene amatsegula makatoni asanapakire, ngakhale akhale wodulirapo.

Mbali inayo ndi ya pamsewu. Mu 2016, nthawi ya kusamvana kwa boma ndi Renamo, mathiraki ankayenda pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali pa EN7, ndipo zipolowe za pambuyo pa chisankho cha 2024 zinaimitsanso katundu ndi mafuta obwera kuno. Zimenezi palibe sikana imene imaziona.

N'chifukwa chake ine katundu wa Khirisimasi ndimafuna adutse pa Mwanza mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Oda imene ikhale panyanja pakati pa Januwale ndi Malichi ndimaichepetsa, ndimailipirira inshuwalansi, ndipo ndimafunsiratu mtengo wa Nacala ndi Dar es Salaam kuti zikavuta oda yotsatira ndiidzeretse kumeneko. Ulendo woyamba yambani ndi katundu wosaopa chinyezi, zaufa ndi zamagetsi zidikire kaye.