Mafunso a Owerenga: Ndachita commit mu VS Code, koma ku GitHub kulibe kanthu

Funso: Akonzi, ndikuphunzira kulemba mapulogalamu pa VS Code. Ndikasintha fayilo ndimadina Commit, koma ndikatsegula GitHub ndimapeza zakale zomwe zija. Nthawi zina commit-yo imangozungulira osamaliza. Ndikulakwitsa pati? Wophunzira, Zomba

Yankho: Commit, komwe ndi kusunga zomwe mwasintha m'mbiri ya ntchito yanu, payokha situluka m'kompyuta yanu. Git, pulogalamu yomwe VS Code imagwiritsa ntchito pochita commit, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 2005, imasunga mbiri yonse mufoda yobisika yotchedwa .git, n'chifukwa chake mutha kuchita commit ngakhale bandulo itatha. Chotumiza ntchito ku GitHub, webusaiti yosungirako ntchitoyo pa intaneti, ndi push.

Yambani ndi kusunga fayilo ndi Ctrl+S, popeza Git imaona zokhazo zomwe zasungidwa. Kadontho pa tabu kakutanthauza kuti simunasunge. Kenako dinani Ctrl+Shift+G kuti mutsegule Source Control, gawo la VS Code loona za Git. Fayilo ya chilembo M ndi yomwe mwasintha, ya U ndi yatsopano imene Git sinayambe kuilondola, ya D ndi yofufutidwa.

Apa musathamange. Dinani dzina la fayilo, muona zakale kumanzere ndi zatsopano kumanja, mizere yochotsedwa itafiira, yowonjezedwa itabiriwira. Werengani mzere uliwonse. Ndi pano pomwe mungagwire zolemba zoyesera zomwe munaiwala kuchotsa. Mukakhutira, dinani + kuti fayiloyo ilowe mu Staged Changes, mndandanda wa zomwe zilowe mu commit. Ngati m'fayilo imodzi mwagwiramo ntchito ziwiri zosiyana, sankhani mizere ya ntchito imodzi, dinani kumanja kwa mausi, musankhe Stage Selected Ranges. Ife timalimbikitsa izi kwambiri: commit imodzi ikhale ya nkhani imodzi, kuti mawa mukafuna kubweza cholakwika musagwetse ndi zabwino zomwe.

Lembani uthenga m'kabokosi ka pamwamba, mzere woyamba usapitirire zilembo 50 ngati n'kotheka, ndipo unene chomwe chasintha, monga "Kukonza kawerengedwe ka msonkho". Dinani Ctrl+Enter. Batani la Commit lisintha n'kukhala Sync Changes; lidineni, limayamba lakoka za anzanu kenako n'kutumiza zanu, ndipo imeneyo ndiye push. Likalemba Publish Branch, ndiye kuti nthambi yanuyo (branch, mzere wa ntchito womwe mukugwirapo) sinafikepo ku GitHub.

Kuzungulira kuja kumachitika mukadina Commit kabokosi kali kopanda kanthu. VS Code imatsegula tabu ya COMMIT_EDITMSG n'kumadikira inu. Lembani uthenga pamzere woyamba, sungani, tsekani tabuyo. Mizere yoyamba ndi # siiwerengedwa. Git ikadandaula za user.name ndi user.email, lembani mu terminal (malo olembamo malamulo) kamodzi kokha git config --global user.name "Dzina Lanu", muchitenso chimodzimodzi ndi user.email.

Funso: Ndaika mwangozi fayilo ya .env, yomwe ili ndi mapasiwedi, mu commit. Ndingaichotse bwanji? Wowerenga, Chipata

Yankho: Ngati simunachite push, palibe chaonongeka. Dinani timadontho titatu mu Source Control, pitani pa Commit, musankhe Undo Last Commit. Ntchito yanu ikhalabe momwe inaliri. Chotsani .env mu Staged Changes podina chizindikiro cha -, lembani dzina lake mu .gitignore (fayilo ya mayina a mafayilo omwe Git isamawalondole), muchitenso commit.

Ngati push inachitika kale, sinthani mapasiwedi onsewo lero lomwe. Kufufuta fayilo mu commit yatsopano sikuichotsa mumbiri, ndipo aliyense wotha kuona repository yanu (foda ya ntchito yanu ndi mbiri yake) angathe kuiwerenga mu commit yakale. Dziwaninso kuti .gitignore silabadira fayilo yomwe Git ikuilondola kale. Muyenera kuyamba mwalemba git rm --cached .env, lamulo lomwe limaichotsa m'manja mwa Git koma kuisiya m'kompyuta mwanu.

Pokonza zimenezi chenjerani ndi kamuvi kokhota komwe kali pafupi ndi +. Kameneko ndi Discard Changes, ndipo kamataya zonse zomwe mwasintha m'fayiloyo koma simunaziike mu Staged Changes. Git singakubwezereni zomwe sinasungepo.